Mafunso Anu pa Haskell: Pulogalamu Ikakana Kumangika

Mafunso amene tasankha ulendo uno onse akukhudza Haskell, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta chomwe chinatuluka mu 1990 ndipo chinatenga dzina la katswiri wa masamu Haskell Curry. Amene atilembera sakudandaula za kalembedwe ka khodi. Chikuwazunguza mutu ndi zida zomangira. Choncho tiyambe tazitchula, chifukwa ambiri amazisokoneza. GHC ndiye compiler, amene amasandutsa zimene mwalemba kukhala pulogalamu yoyenda. Cabal ndi Stack ndi akapitawo a ntchito yomanga: amasankha ma package (mitolo ya khodi yolembedwa kale) oti agwiritsidwe ntchito, amawakopera pa intaneti, kenaka n'kuitana GHC. Hackage ndi nkhokwe ya ma package. GHCup ndi chida choikira zonsezi pa kompyuta. HLS ndi amene amakulemberani mizere yofiira mu editor mukalakwitsa. Uthenga wa vuto ukabwera, funso loyamba ndi lakuti wautumiza ndani mwa amenewa.

Funso: Ndatenga pulojekiti yomwe anzanga analemba zaka zingapo zapitazo. Ndikalemba `cabal build` ikuti `Could not resolve dependencies`, kenaka mizere yambirimbiri. Pakati pake pali `rejecting: base-4.18.2.1` komanso `base>=4.16 && <4.17`. Ndayesa `cabal install base` koma yakana. Ndichite chiyani? Wophunzira wa ku Zomba.

Yankho: Uthengawu sunachokere kwa GHC. Khodi yanu sinayambe n'komwe kuwerengedwa. Amene walankhula ndi mbali ya Cabal yotchedwa solver, yomwe ntchito yake ndi kupeza version imodzi ya package iliyonse yoti igwirizane ndi malire onse amene alembedwa. Yafufuza n'kupeza kuti pulojekiti ikufuna `base` wa 4.16, pomwe pa kompyuta yanu pali 4.18.

`base` si package wamba. Amabwera pamodzi ndi GHC ndipo simungamusinthe payekha, n'chifukwa chake `cabal install base` yakukanizani. GHC aliyense ali ndi `base` wake: GHC 8.10 ali ndi 4.14, 9.0 ali ndi 4.15, 9.2 ali ndi 4.16, 9.4 ali ndi 4.17, 9.6 ali ndi 4.18, 9.8 ali ndi 4.19, ndipo 9.10 ali ndi 4.20. Manambalawa alembeni penapake pafupi, mudzawafunanso. Malinga ndi uthenga wanu, inu muli ndi GHC wa 9.6 pomwe pulojekitiyo inalembedwera 9.2. Ku Haskell manambala awiri oyamba ndiwo amasonyeza kusintha kwakukulu, kotero kuchoka pa 4.16 kufika pa 4.18 ndi masitepe awiri athunthu, si kusintha kwakung'ono ngati mmene manambala akuonekera.

Njira yosavuta ndi kupatsa pulojekitiyo compiler amene ikumudziwa. Lembani `ghcup install ghc 9.2.8`, ikatha lembani `cabal build -w ghc-9.2.8`. Kuti musamabwereze tsiku ndi tsiku, pangani fayilo yotchedwa `cabal.project` m'foda yaikulu ya pulojekiti, muikemo mizere iwiri iyi:

`packages: .`
`with-compiler: ghc-9.2.8`

Mukatero simunakhudze GHC amene mumagwiritsa ntchito pa mapulojekiti ena. GHCup amalola ma version angapo kukhalira limodzi popanda kulimbana.

Njira yachiwiri ndi kukweza pulojekitiyo kuti iyende ndi GHC watsopano. Ngati malire ali m'fayilo yanu ya `.cabal`, yomwe imafotokoza pulojekiti ndi ma package amene ikufuna, sinthani `<4.17` kukhala `<4.19`. Ngati malirewo ali mu package ya munthu wina, lembani mu `cabal.project` mzere wakuti `allow-newer: dzina-la-package:base`. Tikukulangizani kuti muzitchula package yeniyeniyo. Kulemba `--allow-newer` wopanda dzina kumachotsa malire a m'mwamba a ma package onse nthawi imodzi, ndipo solver amatha kusankha zinthu zomwe sanaziyesepo munthu aliyense. Uthenga womveka wa solver umasanduka uthenga wautali wa GHC wochokera m'khodi yomwe simunalembe.

Ndipo walira mvula walira matope. Mukakwera kufika pa 9.6, yembekezerani zinthu ziwiri. GHC ameneyu amabwera ndi `mtl` 2.3.1, ndipo kuyambira pa 2.3 ma module (zigawo za khodi zomwe mumaziitana ndi `import`) monga `Control.Monad.State` anasiya kubweretsa `when`, `unless` ndi `forM_` mwaulere. Mudzaona `Variable not in scope: when`. Mankhwala ake ndi mzere umodzi, `import Control.Monad`. Chachiwiri ndi `aeson`, package yowerengera JSON: kuyambira version 2.0 ya mu 2021, `Object` si `HashMap` ayi koma `KeyMap`, ndiye khodi yakale yomwe imagwiritsa `HashMap.lookup` pa JSON iyenera kusinthidwa kuti igwiritse `Data.Aeson.KeyMap`.

Uthenga wa solver ukakhala wautali moti simukuona mutu wake, onjezerani `--minimize-conflict-set`. Zimatenga nthawi pang'ono, koma amachotsa ma package osalakwa n'kusiya okhawo amene akukangana.

Funso: Ndangomaliza kuika GHCup pa Ubuntu, zonse zinayenda bwino, koma ndikalemba `ghc` ikuti `command not found`.

Yankho: Zida zili mu `~/.ghcup/bin` koma terminal yanu sinauzidwe. Lembani `source ~/.ghcup/env`, kapena tsekani terminal n'kutsegula ina. Zikabwereranso mawa, ikani mzere womwewo kumapeto kwa `~/.bashrc`, kapena `~/.zshrc` ngati mumagwiritsa zsh. Ngati `ghc-9.4.8` akuyankha koma `ghc` yekha ayi, lembani `ghcup set ghc 9.4.8`.

Funso: Ndalemba `import Data.Map` ndipo GHC akuti module imeneyi ndi ya `hidden package containers`. Ikubisidwa ndi ndani? Nditakonza zimenezo, ndinagawa khodi m'mafayilo awiri, ndipo tsopano pamapeto penipeni pakubwera `undefined reference` ndi mayina aatali othera ndi `_closure`.

Yankho: Akubisa ndi Cabal, ndipo amachita dala. Pomanga, amangoonetsa GHC ma package okhawo amene mwawatchula pa `build-depends`. `containers` ali pa kompyuta yanu chifukwa amabwera ndi GHC, koma simunamupemphe. Cholinga chake n'chakuti pulojekiti yanu ikapita pa kompyuta ya munthu wina, isadalire zinthu zomwe zinangopezeka mwamwayi pa yanu. Chenjezo limodzi: fayilo ya `.cabal` imakhala ndi zigawo, `library`, `executable` ndi `test-suite`, ndipo chigawo chilichonse chili ndi `build-depends` wakewake. Ambiri amaonjezera package pa `library` pomwe fayilo yodandaulayo ili pansi pa `executable`, n'kumadabwa kuti uthenga sukuchoka.

Vuto lachiwiri likuchokera kwa linker, amene amalumikiza zidutswa zonse pamapeto. Module yatsopano ija simunailembe m'fayilo ya `.cabal`. GHC amaipeza yekha potsatira `import`, n'kuimanga, koma Cabal poti sakuidziwa saiphatikiza mu library. Ilembeni pa `exposed-modules` ngati ena adzaigwiritsa ntchito, kapena pa `other-modules` ngati ndi ya mkati. Mukabwerera m'mwamba mwa uthenga wanu mupeza kuti GHC anakuchenjezani kale ndi `missing-home-modules` ndipo anatchula dzina la module yomwe yasowa.

Ngati m'foda muli fayilo ya `package.yaml`, ndiye kuti pulojekitiyo imagwiritsa hpack, ndipo fayilo ya `.cabal` imapangidwa kuchokera mu imeneyo. Zosintha zonse muzilemba mu `package.yaml`. Mukasintha `.cabal` pamanja, Stack amazindikira, amachenjeza, n'kusiya kuwerenga `package.yaml`, ndiye mafayilo awiriwo amayamba kunena zosiyana. Zikafika pamenepo, samutsirani zosintha zanu mu `package.yaml`, fufutani fayilo ya `.cabal`, ndipo `stack build` aipanganso.

Funso: Ndikumanga pulogalamu yolumikizana ndi PostgreSQL. Yaima ndi uthenga wakuti `Missing dependency on a foreign library`. Pena imatchula `z`, pena `pq`. Pa Hackage palibe package yotchedwa `z`.

Yankho: Simuipeza, chifukwa si ya Haskell. Ma package ena ndi chikuto chabe pamwamba pa library ya C, ndipo library imeneyo Cabal saikopera. Muyenera kuiika nokha, ndipo ikhale ya mtundu wa `-dev`, umene uli ndi mafayilo a `.h`. Pa Ubuntu ndi Debian, `z` ndi `zlib1g-dev`, `pq` ndi `libpq-dev`, ndipo mukaona `cannot find -lgmp` ndiye kuti mukusowa `libgmp-dev`. Ikaninso `pkg-config`, popeza ma package ambiri amafufuzira library kudzera mwa iye. Pa Fedora mayina amathera ndi `-devel`, monga `gmp-devel`. Ngati library ilipo koma ili pamalo achilendo, monga zimachitikira ndi Homebrew pa Mac, lozerani Cabal ndi `--extra-lib-dirs` komanso `--extra-include-dirs`.

Funso: Laputopu yanga ili ndi 4 GB ya RAM. Ndikayamba kumanga pulojekiti yomwe ili ndi `aeson` ndi `lens`, kompyuta imauma, mbewa siyenda, kenaka pamabwera `ExitFailure` ndi nambala -9. Kodi Haskell ndi ya anthu a makompyuta okwera mtengo okha? Wowerenga wa ku Mzuzu.

Yankho: Ayi, 4 GB imakwana kuphunzirira ndi kumangira mapulojekiti apakatikati, koma pamafunika kuikonzera njira. Nambala 9 imeneyo ndi chizindikiro cha SIGKILL, lamulo lopha pulogalamu nthawi yomweyo. Memore itatha, Linux anasankha pulogalamu yodya kwambiri n'kuipha, ndipo pulogalamuyo inali GHC. Mu Docker zomwezi zimaoneka ngati nambala 137, yomwe ndi 128 kuphatikiza 9. Kuti mutsimikize, lembani `sudo dmesg | grep -i "out of memory"`.

Gwero lenileni ndi ili. Fayilo ya makonzedwe a Cabal imabwera ndi mzere wakuti `jobs: $ncpus`, kutanthauza kuti amamanga ma package ochuluka ngati ma core a purosesa yanu pa nthawi imodzi. Laputopu ya ma core anayi imadzutsa ma GHC anayi, ndipo pa package yolemera GHC mmodzi yekha amatha kudya kupitirira 1 GB. Onjezerani browser yotsegula ndi editor, 4 GB yatha. Choyamba choti muchite ndi `cabal build -j1`, kapena `stack build -j1`. Zichedwerapo, koma zifika.

Chachiwiri ndi swap, malo a pa disiki amene kompyuta imabwerekako memore ikathina. Yambani mwaona ngati ilipo kale ndi `swapon --show`. Ngati palibe kapena ndi yochepa, onjezerani 4 GB motere:

`sudo fallocate -l 4G /swap2`
`sudo chmod 600 /swap2`
`sudo mkswap /swap2`
`sudo swapon /swap2`

Kuti ikhalepobe mukazimitsa ndi kuyatsanso, ikani mzere wakuti `/swap2 none swap sw 0 0` mu `/etc/fstab`. Pa SSD swap imapirika. Pa hard disk yozungulira imachedwa kwambiri, komabe ndi bwino kuchedwa kusiyana n'kuphedwa pakati pa ntchito.

Chachitatu ndi optimization. Mbali yaikulu ya memore ndi nthawi GHC amaithera pokonza khodi kuti idzathamange. Pamene mukulemba ndi kuyesa, simukufuna zimenezo. Ikani `optimization: False` mu `cabal.project.local`, kapena gwiritsani `stack build --fast`. Izi zimakhudza khodi yanu yokha, osati ma package okopera. N'zotheka kuzimitsanso pa ma package onse polemba mzere womwewo pansi pa `package *`, koma dziwani kuti mukatero onse amangidwanso kuyambira pachiyambi, ndipo ma library monga `text` ndi `vector` amayenda pang'onopang'ono kwambiri opanda optimization. Ife sitingakulangizeni kutero pokhapokha package ina itakaniratu.

Tsekani editor pa ulendo woyamba womanga, chifukwa HLS payekha amadya memore yambiri ndipo amayambanso kumanga zomwezo kumbali. Amene muli pa Windows ndi WSL2, kumbukirani kuti Linux wa mkatimo amapatsidwa theka chabe la RAM ya kompyuta mukapanda kusintha fayilo ya `.wslconfig`. Ululu wonsewu ndi wa tsiku loyamba. Ma package akamangidwa amasungidwa, ndipo mawa lake mumangomanga khodi yanu.

Funso: Ndikulemba pulogalamu yowerenga mawu a Chichewa m'mafayilo. Pa laputopu yanga imayenda, koma pa seva imagwa ikangofika pa liwu lakuti Malaŵi, ndi uthenga wa `commitBuffer: invalid argument`. Malo ena imalemba `Mala\373i`, ndipo mu database ndapezamo Malaui. Chikuchitika n'chiyani?

Yankho: Funso ili latisangalatsa, chifukwa ndi lathulathu, ndipo mwakumana ndi mavuto atatu osiyana amene mutu wake ndi umodzi. Chilembo cha ŵ mu Unicode ndi U+0175, nambala 373. Sichipezeka mu ASCII, yomwe imathera pa 127, ndipo sichipezekanso mu Latin-1 kapena mu code page 1252 ya Windows. Mu UTF-8 chimalembedwa ndi ma byte awiri, C5 ndi B5.

Tiyambe ndi kugwa kwa pa seva. GHC amawerenga mafayilo a khodi ngati UTF-8 nthawi zonse, ndiye pomanga palibe chovuta. Koma pulogalamu ikamayenda, `putStrLn`, `readFile` ndi anzawo a mu `Data.Text.IO` amafunsa kompyuta kuti ikugwiritsa encoding yanji, ndiko kuti njira iti yosandutsira zilembo kukhala ma byte. Laputopu yanu imayankha kuti UTF-8. Seva, Docker ndi cron kawirikawiri sizikhala ndi `LANG`, ndiye zimayankha ASCII, ndipo pulogalamu ikafika pa 373 imasowa polemba n'kugwa. Powerenga fayilo uthenga wake umatchula `hGetContents`. Lembani `locale` pa sevayo, mukaona `POSIX` kapena `C` mwapeza chimake. Mankhwala a msanga ndi `export LANG=C.UTF-8`, kapena `ENV LANG=C.UTF-8` mu Dockerfile. Pa Windows, `chcp 65001` mu terminal musanayendetse pulogalamu.

Koma mankhwala okhalitsa ali m'khodi, kuti pulogalamu isadalire makonzedwe a kompyuta ya eni. Kumayambiriro kwa `main` ikani `setLocaleEncoding utf8` wochokera mu `GHC.IO.Encoding`, kuti mafayilo onse otsegulidwa pambuyo pake akhale a UTF-8, ndiponso `hSetEncoding stdout utf8`, chimodzimodzinso `stderr` ndi `stdin`.

`Mala\373i` si kuwonongeka kwa mawu. Mwagwiritsa `print` kapena `show`, amene amalemba chilembo chilichonse chopitirira ASCII ngati nambala. 373 uja ndi ŵ yemweyo, ali bwinobwino. Polembera anthu gwiritsani `putStrLn`.

Malaui ndiye woopsa, chifukwa sapereka uthenga uliwonse ndipo mawu amawonongekeratu. Penapake m'khodi mwanu muli `pack` wa mu `Data.ByteString.Char8`, kapena mwalemba mawu mwachindunji ngati `ByteString` pogwiritsa `OverloadedStrings`. Njira ziwirizi zimasunga ma bit asanu ndi atatu otsiriza a chilembo n'kutaya ena onse. Chotsani 256 pa 373, mutsala ndi 117, yemwe ndi chilembo cha u. Ŵ wamkulu, 372, amasanduka t. Ngakhale amene salemba ŵ sapulumuka: liwu lakuti ng'ombe likakopedwa mu Word limabwera ndi kachizindikiro kopindika, U+2019, komwe kakadulidwa motero kamasanduka chilembo chosaoneka, ndipo liwulo silipezekanso mukalifufuza. Mawu a anthu asungeni mu `Text`. Akamatuluka kupita ku fayilo, ku netiweki kapena ku database, adutse pa `encodeUtf8`, ndipo akamalowa adutse pa `decodeUtf8'`, wa kachizindikiro kumapetoyo, amene amabweza `Either` m'malo mogwetsa pulogalamu. Zomwe zinalowa kale mu database monga Malaui sizingabwezedwe ndi khodi, muyenera kuzitenganso ku mafayilo oyambirira.

Poti mukuwerenga mawu, dziwaninso kuti ŵ amalembedwa m'njira ziwiri: chilembo chimodzi cha U+0175, kapena w wamba wotsatiridwa ndi kadenga kapadera ka U+0302. Pa sikirini amaoneka chimodzimodzi koma kwa kompyuta ndi mawu awiri osiyana. Musanayambe kuwerenga kapena kufananiza, adutsitseni pa `normalize NFC` wa mu package ya `unicode-transforms`.

Funso: Dzulo zonse zinamangika. Lero ndalemba `cabal update` kenaka `cabal build`, yayambanso kukopera ndi kumanga ma package ambirimbiri, bandulo yanga yatha, magetsi n'kuzimanso pakati. Kodi ndiyambirenso pachiyambi? Wowerenga wa ku Lilongwe.

Yankho: Simuyambiranso. Cabal amaika package m'nkhokwe yake, yotchedwa store, pokhapokha itamangika yonse, choncho zimene zinatha magetsi asanazime zilipo ndipo apitiriza pamene anasiyira. Chomwe chingawonongeke ndi foda ya `dist-newstyle` ya m'pulojekiti yanu. Mukaona mauthenga achilendo a linker pambuyo pa kuzima kwa magetsi, lembani `cabal clean`. Izi sizikhudza store ndipo sizidya bandulo.

Chimene chinayambitsa kumanganso ndi `cabal update`. Lamuloli limabweretsa mndandanda watsopano wa Hackage, ndipo solver amakonda version yatsopano ya chilichonse. Package iliyonse mu store imadziwika ndi nambala yapadera yotchedwa hash, yowerengedwa kuchokera ku version yake, ma flag ake ndi ma package amene imadalira. Package imodzi ya pansi ikasintha, hash ya onse okhala pamwamba pake imasinthanso, ndipo onsewo amamangidwanso.

Imitsani nthawi. Mu `cabal.project` ikani mzere monga `index-state: 2024-06-01T00:00:00Z`, ndi tsiku lomwe mukudziwa kuti zinthu zinkayenda. Solver sadzaona chilichonse chotuluka pambuyo pa tsikulo, ngakhale mutachita update kangati. `cabal update` akamaliza amalemba yekha lamulo lobwererera pa mndandanda wakale, ndiye tsiku loyenera mungalitenge pamenepo. Njira ina ndi `cabal freeze`, yomwe imalemba version ya package iliyonse mu `cabal.project.freeze`. Fayilo imeneyi iikeni mu Git kuti anzanu azimanga zofanana ndi zanu.

Pa nkhani ya bandulo, zizolowezi zingapo zimapulumutsa ndalama. `cabal build --dry-run` amakuonetsani zomwe akufuna kukopera ndi kumanga asanayambe. Mukapeza Wi-Fi, `cabal build --only-download` amakopera zonse popanda kumanga, ndipo kunyumba mumamaliza ndi `cabal build --offline`. Update yoyamba ndiyo yolemera, imapitirira 100 MB, pomwe zotsatira zimangotenga zatsopano. Ngati mnzanu ali nazo kale, koperani foda yake ya `~/.cabal/packages` pa flash, muli mndandanda ndi ma package omwe. Kuyambira Cabal 3.10, pa kompyuta yopanda foda ya `~/.cabal` zimenezi zimakhala mu `~/.cache/cabal/packages`, ndipo kuyambira 3.12 lamulo la `cabal path` limakuuzani malo enieni. Store yokha musakopere, chifukwa imadalira compiler ndi malo a mafoda a pa kompyuta imene inamangidwira. GHC naye mungagawane: `ghcup --cache install ghc 9.4.8` amasiya fayilo yokoperayo mu `~/.ghcup/cache`.

A Stack vuto lanu ndi lina. Stack amatenga ma package pa mindandanda ya Stackage yotchedwa snapshot, ndipo snapshot iliyonse ili ndi GHC wake, mwachitsanzo lts-20.26 ndi ya 9.2.8 ndipo lts-21.25 ndi ya 9.4.8. Mapulojekiti atatu a snapshot zosiyana amakopera ma compiler atatu. Mapulojekiti anu onse aikeni pa snapshot imodzi, ndipo mu `~/.stack/config.yaml` lembani `system-ghc: true` ndi `install-ghc: false` kuti Stack agwiritse GHC wa GHCup m'malo mokopera wakewake.

Funso: `cabal build` ikuyenda bwino, koma mu VS Code fayilo yonse ndi yofiira, pena HLS sayamba n'komwe.

Yankho: Khulupirirani `cabal build`. HLS amamangidwa payekhapayekha pa version iliyonse ya GHC, mpaka nambala yachitatu, ndiye HLS wodziwa 9.6.6 sangatumikire 9.6.2 pokhapokha atamangidwiranso ameneyo. Lembani `ghcup list` n'kuona ngati GHC wanu ali ndi chizindikiro cha `hls-powered`. Ngati alibe, kusintha GHC n'kosavuta kusiyana n'kumanga HLS nokha. Mukaona uthenga wotchula ABI, kawirikawiri ndiye kuti muli ndi ma GHC awiri, wina wa `apt` wina wa GHCup. `which -a ghc` awaonetsa onse, ndipo wa `apt` achotsedwe.

Zimenezo zikakhala bwino, onani mmene mwatsegulira. Tsegulani foda yomwe muli fayilo ya `.cabal`, osati fayilo imodzi ya `.hs` kapena foda ya pamwamba pake. Kenaka yesani `cabal repl` mu terminal. HLS amadutsa njira yomweyo pofuna kudziwa ma flag a pulojekiti, ndiye `cabal repl` akakana, nayenso akana. M'foda mukakhala `stack.yaml` ndi `cabal.project` pamodzi, muuzeni woti atsatire popanga fayilo ya `hie.yaml` yokhala ndi `cradle:` pa mzere woyamba ndi `cabal:` pa wachiwiri, wolowa mkati ndi mipata iwiri. Ngati zofiira zili m'mafayilo a mayeso okha, ikani `tests: True` mu `cabal.project`. Mukasintha `build-depends`, muyambitseninso HLS. Zonsezi zikalephera, fufutani `~/.cache/hie-bios` ndi `~/.cache/ghcide`, kenaka lembani `haskell-language-server-wrapper` mu terminal muli m'foda ya pulojekiti. Kumeneko amalemba uthenga wonse umene editor amaubisa.

Funso: Ndinalemba `cabal install --lib random` kuti ndiyesere mu ghci, pulogalamu ya GHC yoyeseramo khodi mzere ndi mzere. Kuyambira pamenepo ma module ena amene ankapezeka akuti ndi obisika.

Yankho: Lamulo limenelo limalemba fayilo yotchedwa `default` m'foda ya `environments`, pansi pa `~/.ghc`, m'foda yokhala ndi dzina la GHC wanu. Fayiloyo ikakhalapo, `ghc` ndi `ghci` amangoona ma package olembedwamo. Poyamba ghci amanena yekha kuti `Loaded package environment from` n'kutchula malo ake. Ifufuteni, palibe chimene chiwonongeke. Ulendo wina mukafuna kuyesa package, lembani `cabal repl --build-depends random`, yomwe imatsegula ghci ndi package imeneyo popanda kusiya kanthu m'mbuyo.

Funso: Disiki yanga ya 128 GB yadzaza. Ndingafufute ziti popanda kuwononga?

Yankho: GHC mmodzi amatenga pafupifupi 2 GB kapena kupitirira, ndiye yambani ndi `ghcup list` n'kuchotsa amene simukuwagwiritsa ntchito ndi `ghcup rm ghc 9.2.8`. Lamuloli silikhudza ma package amene anamangidwa ndi compiler ameneyo. Iwo ali mu `~/.cabal/store`, kapena `~/.local/state/cabal/store`, m'foda ya dzina loyamba ndi `ghc-9.2.8`, ndipo foda imeneyo mungaifufute yonse. Musafufute package imodziimodzi mkati mwa store, chifukwa mndandanda wa momwemo udzapitiriza kunena kuti ilipo ndipo kumanga kudzagwa ndi mauthenga a mafayilo osowa. Mafoda a `dist-newstyle` ndi `.stack-work` a mapulojekiti akale ndi otayika, amapangidwanso. Ma compiler a Stack pa Linux ali mu `~/.stack/programs`. Foda ya `packages` isiyeni ngati bandulo ndi yovuta, chifukwa ndi yaing'ono poyerekeza ndi store, ndipo ndi imene imakulolani kumanganso zonse popanda intaneti.